Phunziro 8: Mwana Wolumala, Ntchito za Manja Ake ndi Munda wa Makolo Ake

Cholinga cha phunziro lino

Pomaliza phunziro lino mudzakhala mutadziwa zinthu zitatu: momwe mungazindikirire msanga mwana amene akuchedwa kukula, momwe mungamuthandizire pakhomo ndi zinthu zimene muli nazo kale, ndiponso zimene malamulo a dziko la Mozambique akunena pa gawo lake la munda.

Mawu oyamba

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya ana aang'ono ikufunanji m'buku lonena za malo. Yankho lake limaoneka pa tsiku logawa chuma cha masiye. Achibale akakhala pansi kuti agawane minda ndi madimba a malemu, kawirikawiri pamamveka mawu akuti, "Uyu sangalime, munda atani nawo?" Mawu amenewa amanenedwa mwana atakula, koma mizu yake imayamba ali wakhanda, pamene ankasiyidwa pamphasa kuseri kwa nyumba, osamuphunzitsa kudya yekha, osamutengera pagulu, mpaka mudzi unazolowera kusamuwerengera.

Choncho kholo la mwana wolumala lili ndi ntchito ziwiri zoyendera limodzi. Yoyamba ndi kulimbikitsa thupi ndi manja a mwanayo akadali wamng'ono. Yachiwiri ndi kuteteza dzina lake pa munda. Koma dziwani kuyambira pano kuti ufulu wake pa malo sudalira mphamvu zake. Ngakhale mwana amene sadzagwirapo khasu moyo wake wonse ali ndi gawo lofanana ndi la abale ake. Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Zimene tikukamba panozi zikhoza kugwera banja lililonse la ku Msumba, ku Chuanga, ku Ngoo kapena ku Cóbuè.

Chithandizo chodzera m'ntchito za tsiku ndi tsiku

Kuchipatala kuli chithandizo chimene pa Chipwitikizi chimatchedwa terapia ocupacional. Cholinga chake ndi kuthandiza munthu kuti azitha kudzichitira yekha ntchito za moyo wake. Chimasiyanako ndi fisioterapia, imene imayang'ana kwambiri kuwongola ndi kulimbitsa ziwalo. Katswiri wa terapia ocupacional amafunsa kuti: kodi mwana uyu afunika kuchita chiyani pa tsiku, nanga chikumulepheretsa n'chiyani? Akatero amaphunzitsa mwanayo, kapena kusintha chida chimene akugwiritsa ntchito, kapena kusintha malo amene amakhalapo.

Ntchito za mwana wamng'ono ndi kuyamwa, kudya, kusewera, kusamba, kuvala ndi kupita kuchimbudzi. Kwa mwana, kusewera ndiye ntchito yaikulu, pakuti ndi mmene manja, maso ndi ubongo zimaphunzirira kugwirizana.

Luso limeneli linakhazikitsidwa ngati ntchito yapadera ku America mu 1917, ndipo linakula pothandiza asilikali amene anavulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Bungwe la akatswiri ake a m'mayiko onse linayamba mu 1952. M'dziko lathu akatswiriwa amaphunzitsidwa pa sukulu ya zaumoyo ya ISCISA ku Maputo, koma ndi ochepa ndipo ambiri amapezeka m'zipatala zikuluzikulu. Kwa ife a m'mphepete mwa nyanja, izi zikutanthauza kuti mbali yaikulu ya ntchitoyi ili m'manja mwa mayi, bambo, agogo ndi abale a mwanayo. Musataye mtima ndi zimenezi. Ngakhale kumene akatswiri alipo, iwo amaona mwana kanthawi kochepa, ndipo zotsalazo zimachitikira pakhomo.

Zizindikiro zoyenera kuziyang'anitsitsa

Ana sakula mofanana, koma pali malire amene mwana akawapyola muyenera kupita naye kuchipatala. Kafukufuku amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2006, atayeza ana a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America, anapeza kuti pafupifupi ana onse athanzi amakhala pansi okha akamafika miyezi 9, ndipo amayenda okha akamafika miyezi 18. Pitani kuchipatala mukaona izi:

1. Mwana wafika miyezi 4 koma khosi lake silinalimbe.
2. Wafika miyezi 9 koma sakhala pansi popanda womugwira.
3. Wakwanitsa chaka koma satola kanthu kakang'ono ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala.
4. Wafika miyezi 18 koma sayenda yekha.
5. Wakwanitsa zaka ziwiri koma salumikiza mawu awiri polankhula.
6. Thupi lake ndi louma kwambiri, kapena lofooka ngati nsalu, kapena amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha linalo litafumbata.
7. Amatsamwa kawirikawiri akamayamwa kapena akamadya.
8. Satembenuka mukamuitana, kapena satsatira ndi maso chinthu chimene chikuyenda.
9. Wasiya kuchita zimene ankachita kale.

Tengani khadi lake la kusikelo ndipo mufotokozere anamwino zonse zimene mwaona. M'zipatala za boma muli dongosolo lapadera loonera ana amene ali pachiopsezo, lotchedwa Consulta da Criança em Risco. Mwana wobadwa ndi mapazi opindikira mkati mupite naye m'masabata oyambirira, chifukwa mapazi otere amawongoka ndi pulasitala mafupa akadali anthete. M'mera m'poyamba.

Zimene zimayambitsa ulumali

Ulumali wa mwana si chilango kwa mayi, ndipo suchokera kwa achibale amene mukulimbirana nawo malire a munda. Zifukwa zodziwika ndi monga kuchedwa kupuma pobadwa, kubadwa masiku asanakwane, chikasu chachikulu m'masiku oyamba, malungo ofika ku ubongo, matenda oumitsa khosi, ndi kusowa kwa zakudya zoyenera m'thupi.

Chifukwa china chimakhudza chakudya chathu chenicheni. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene amachoka pochiviika ndi pochiyanika bwino. Mu 1981, pa nthawi ya chilala, anthu oposa 1,000 m'chigawo cha Nampula anauma miyendo mwadzidzidzi chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. Ambiri mwa iwo anali ana ndi amayi. Matendawa amatchedwa konzo, ndipo miyendo ikauma sibwereranso mwakale. Choncho ngakhale njala itavuta chotani, musafupikitse masiku oviika chinangwa. Chisendeni, chiviikeni masiku osachepera atatu mpaka chifewe, chiyanikeni chiume bwinobwino, ndipo ana azidyera kondowole ndi usipa, nyemba kapena mtedza.

Zimene mungachite pakhomo

Kakhalidwe. Mwana wogona chagada tsiku lonse amangoona denga, ndipo ziwalo zake zimauma. Musinthe kagonedwe kake kawirikawiri. Ali maso, mugonekeni chafufumimba kanthawi, mutaika nsalu yokulunga pansi pa chifuwa chake, kuti aphunzire kudzutsa mutu ndi kutsamira pamanja. Mwana amene sakhala yekha mungamukhazike m'beseni lalikulu mutazunguliza nsalu, kapena pa kampando ka matabwa kokhala ndi kona kumsana kwake, mapazi ataponda pansi. Mukhazikeni pamene anthu akuphika, akucheza kapena akusoka ukonde.

Kudya. Musadyetse mwana atagona kapena mutu utagwera kumbuyo, chifukwa chakudya chikhoza kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Mukhazikeni mowongoka, chibwano chitatsikira pang'ono pachifuwa. Mupatseni pang'onopang'ono, ndipo mudikire ameze musanawonjezere. Kwa ana ambiri otsamwa, phala lolimbako limamezeka bwino kusiyana ndi lamadzimadzi. Akayamba kufuna kudya yekha, kulungani nsalu kapena mphira pa chogwirira cha supuni kuti chikule, ndipo ikani nsalu yonyowa pansi pa mbale kuti isamaterereke. Adzataya chakudya masiku oyamba. Musamulande supuni chifukwa cha zimenezo.

Manja. Mupatseni zinthu zosiyanasiyana zoti agwire: chitsononkho, chipande, dothi loumbira, mchenga wa kunyanja, madzi a m'mbale. Yambani ndi zinthu zazikulu, kenako zazing'ono. Ikani zoseweretsa kumbali ya dzanja lofooka kuti alitambasule, ndiponso mupatseni zinthu zofuna manja awiri, monga kugwira chikho ndi kuthiramo mchenga. Mwana amene amaikabe zinthu m'kamwa musamusiyire nyemba, mtedza kapena timiyala.

Kuvala ndi kusamba. Povala yambani ndi dzanja kapena mwendo wofooka, povula mumalizire nawo. Chitani inu mbali yaikulu, koma yomalizira mumusiyire, monga kukokera malaya pansi mutu utalowa kale. Akazolowera, mumuwonjezere mbali ina. Potero mwana amalawa kukoma komaliza ntchito kuyambira tsiku loyamba.

Kuimirira ndi kuyenda. Nsungwi ziwiri zomangidwa mopingasa pa mitengo yozika pansi zimapatsa mwana pogwira akamaphunzira kuyenda. Funsani kaye a chipatala ngati mwanayo wafika poti ayambe. Musakoke chiwalo chouma mwamphamvu.

Chitetezo. Mwana wa khunyu asakhale yekha pafupi ndi moto kapena m'mphepete mwa nyanja, ngakhale pamadzi osaya. Khunyu si matenda opatsirana, ndipo mankhwala ake amapezeka kuchipatala.

Lankhulani ndi mwanayo nthawi zonse, mumuuze dzina la chilichonse chimene mukuchita, ndipo mumuyamikire akayesa. Kanthawi kochepa kangapo pa tsiku kamapindula kuposa nthawi yaitali kamodzi pa sabata. Ntchitoyi isakhale ya mayi yekha. Bambo akabwerako kunyanja, agogo, ndi ana anzake, onse ali ndi mbali yawo.

Kuchokera pa supuni kufika kumunda

Dzanja limene laphunzira kugwira supuni ndi lomwelo limene lidzatongola chimanga, kusenda mtedza, kusankha mbewu, kudyetsa nkhuku, kuyala usipa pathandala, kuluka mphasa ndi kusoka ukonde. Mwana akamasinkhuka, mupatseni ntchito yakeyake yolingana ndi mphamvu zake, ndipo anthu azimuona akuichita. Mutengereni kumunda, adziwe mtengo wa mango umene uli pamalire, chulu, ndi mayina a oyandikana nawo. Mutumizeni kusukulu pa msinkhu woyenera. Munthu wodziwa kuwerenga akhoza kuyang'anira munda, kulemba aganyu ndi kugulitsa zokolola ngakhale miyendo yake isakuyenda.

Zimene malamulo akunena

Malamulo Aakulu a dziko a 2004, pa ndime 37, amanena kuti nzika zolumala zili ndi ufulu wonse umene uli m'malamulowo. Ndime 121 imalamula banja, anthu onse ndi boma kuteteza ana, makamaka amasiye, olumala ndi otayidwa, ku tsankho ndi nkhanza. Ndime 111 imati boma limazindikira ndi kuteteza ufulu wa malo wopezeka mwa cholowa kapena mwa kukhalapo. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2012, ndipo mu 2024 linakhazikitsa Lamulo nambala 10/2024 lolimbikitsa ndi kuteteza ufulu wawo.

Lamulo la Malo, nambala 19/97, limati nthaka ndi ya boma ndipo siigulitsidwa kapena kuikidwa chikole. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo ndi kupindula nawo, wotchedwa DUAT. Mfundo zake zofunika pa nkhani yathu ndi izi:

Ndime 12 imazindikira ufulu wa munthu amene ali pamalo motsata mwambo, koma mwambowo usatsutsane ndi Malamulo Aakulu. Mwambo wathu wakuti munda umatsata mbumba ndi wovomerezeka, koma chizolowezi chodumpha mwana chifukwa cha ulumali n'chotsutsana ndi ndime 37, choncho chilibe mphamvu.

Ndime 13 imati kusowa chikalata sikuchotsa ufulu wopezeka mwa kukhalapo.

Ndime 15 imalola umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe.

Ndime 16 imati DUAT imapita kwa olowa m'malo mwa cholowa, popanda kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi.

Lamulo la Cholowa, nambala 23/2019, limaika ana pamodzi ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu pa mzere woyamba wa olandira chuma. Silisiyanitsa mwana wolumala ndi mnzake. Ngati mwana ndi wamng'ono, kapena atakula sangathe kudziyendetsera zinthu, woyang'anira amasunga gawo lake m'malo mwake. Woyang'anirayo si mwini wake. Zokolola za gawo limenelo ziyenera kudyetsa, kuveka ndi kuchiritsa mwanayo, ndipo woyang'anira sangataye chuma cha mwana popanda chilolezo cha khoti.

Njira zitatu zimene munda umatayikira

Yoyamba ndi kugona kwa munda. Mayi amene akusamalira mwana wodwala, kapena wagonera kuchipatala ku Lichinga nthawi ya dzinja, amalephera kulima. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu wina amalowamo n'kunena kuti munda unasiyidwa. Ndime 18 ya Lamulo la Malo imatchula zifukwa zothetsera DUAT, ndipo kugoneka munda wa banja chifukwa cha matenda sikuli m'gulu limenelo. Komabe dziwitsani amfumu kuti munda mwaugoneka, simunausiye.

Yachiwiri ndi kubwereketsa kopanda umboni. Lamulo limapereka ufulu kwa nzika imene yagwiritsa ntchito malo mwachilungamo kwa zaka zosachepera 10. Wobwereka amadziwa kuti munda uli ndi mwini wake, choncho sali m'gulu limeneli, koma popanda pepala kapena mboni kumakhala kovuta kutsimikiza kuti anangobwereka. Tiyerekeze mayi wamasiye amene wabwereketsa dimba kwa mlamu wake kuti apeze nthawi yosamalira mwana. Mlamuyo wadzalamo nthochi ndi mango. Mayi uja akamwalira, mitengo ija imasanduka umboni wa mlamu, ndipo mwana amene salankhula bwino sangathe kudziyankhira pabwalo. Pepala limodzi lolembedwa pamaso pa amfumu likadateteza mwanayo.

Yachitatu ndi kupereka munda posinthana ndi ndalama, pofuna kulipira amene walonjeza kuchiritsa mwana. Kugulitsa nthaka n'kosaloledwa, ndipo banja limatsala lopanda munda, mwana ali chimodzimodzi. Ulumali wobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo suchira ndi mankhwala a munthu aliyense, koma mwana amapita patsogolo akamaphunzitsidwa tsiku ndi tsiku. Munda ndiwo udzamudyetsa inu mutapita. Musausinthanitse ndi lonjezo.

Zoyenera kuchita mudakali moyo

1. Lembetsani kubadwa kwa mwana ku ofesi ya Registo Civil msanga, ndipo mayina a makolo onse awiri alembedwe. Chikalata chimenechi ndicho umboni woyamba wakuti iye ndi wolowa m'malo.
2. Itanani mwini mbumba, amalume a mwana, akuchimuna ndi amfumu. Nenani poyera gawo la mwanayo, yendani m'malire, ndipo zilembedwe.
3. Musankhireni gawo lapafupi ndi nyumba kapena ndi madzi, losavuta kufikako.
4. Gwirizanani za munthu amene adzayang'anire mwanayo ndi gawo lake, ndipo pakhale ena awiri omuona momwe akuyendetsera.
5. Mukabwereketsa munda, lembani dzina la wobwereka, zaka zake, zimene aloledwa kudzala, ndi mboni, amuna ndi akazi. Nenani momveka za mitengo yokhalitsa.
6. Pakabwera ntchito yolembetsa malo m'mudzi, onetsetsani kuti dzina la mayi lalembedwa. Lamulo limalola anthu angapo kukhala pa chikalata chimodzi.
7. Ngati mukufuna kulemba wilo, funsani a zamalamulo kuti ilembedwe m'njira yovomerezeka.
8. Sungani mapepala onse pamalo ouma, ndipo ena akhale kwa munthu wina wodalirika.

Bambo amene wachoka pabanja chifukwa mwana wabadwa wolumala sanachoke pa udindo wake. Lamulo la Banja, nambala 22/2019, limalamula makolo onse awiri kusamalira ana awo, kaya ali limodzi kapena anasiyana.

Kokapeza thandizo

Za thanzi la mwana yambirani pa chipatala chapafupi. Iwo ndi amene angakutumizeni ku Metangula kapena ku chipatala chachikulu cha chigawo ku Lichinga, kumene kuli gawo lothandiza olumala ziwalo. Za thandizo la boma kwa mabanja osowa funsani ku ofesi ya zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu ya boma la Lago, imene imagwira ntchito ndi bungwe la INAS. Mkangano wa munda uyambire kwa amfumu ndi ku bwalo la m'mudzi. Ngati chigamulo chamana mwana gawo lake chifukwa cha ulumali, musalekere pomwepo. Pitani ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa milandu kwaulere, kapena ku ofesi ya Procuradoria, imene ili ndi udindo woteteza ana.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi ana olumala a m'mudzi mwanu amakhala kuti nthawi ya masana, ndipo amakhala ndi yani?
2. Ndi zinthu ziti zapakhomo zimene mungapangire kampando, supuni yogwirika bwino kapena nsungwi zoyendera?
3. Pa kugawa kwa minda kumene munaonapo, kodi mwana wolumala analandira gawo? Ngati sanalandire, anthu anapereka chifukwa chanji, nanga lamulo likuti chiyani pa chifukwa chimenecho?
4. Gulu lanu lingathandize bwanji kulima munda wa mayi amene ali kuchipatala ndi mwana, kuti munda wake usagone?
5. Pa mfundo 8 zoyenera kuchita, ndi iti imene banja lanu lingayambe mwezi uno?